Gregg Toland: Kodi Chithunzi cha mu Filimu N'cha Yani?

Kumapeto kwa filimu ya Citizen Kane, yomwe inatuluka mu 1941, kumabwera mayina a anthu amene anaigwirira ntchito. Mwambo wa ku Hollywood unali woti dzina la dayirekitala lizioneka palokha. Orson Welles sanautsatire mwambowu. Dzina lake analiika pamodzi ndi la Gregg Toland, yemwe anajambula filimuyo. John Ford anali atachita zomwezo chaka cham'mbuyo mu The Long Voyage Home. Madayirekitala awiri, wina mnyamata wa zaka 25 wongoyamba kumene, wina mkhalakale pantchito, anavomereza poyera kuti maonekedwe a mafilimu awo sanali nzeru zawo zokha.

Toland anamwalira mu 1948 ali ndi zaka 44, koma dzina lake likumvekabe m'masukulu ophunzitsa za mafilimu. Amadziwika ndi kajambulidwe kotchedwa deep focus, kamene zinthu zapafupi ndi kamera, zapakati ndi zakutali zonse zimaoneka bwinobwino nthawi imodzi, popanda china chooneka mwachimbuuzi. Mabuku ena amalemba ngati iye ndiye anatulukira luso limeneli. Ena amati nzeru zonse zinali za Welles, Toland ankangokwaniritsa. Enanso amati zambiri zimene anthu amatama mu Citizen Kane sizinajambulidwe n'komwe momwe zimaonekeramo. Mkangano wonsewu wagona pa zida ndi kuwala, choncho sungamveke popanda kudziwa kaye ntchito ya wojambula ndi momwe lenzi imagwirira ntchito.

Ntchito ya wojambula wamkulu

Pa filimu yaikulu, wojambula wamkulu kawirikawiri sagwira kamera ndi manja ake. Amakhala ndi gulu lake: woyendetsa kamera, wopotokola lenzi kuti wochita sewero asachite chimbuuzi akamayenda, ndi ena oika magetsi. Udindo wake ndi kusankha. Amasankha kumene kuwala kuchokere ndi pamene mthunzi ugwe, lenzi yoti agwiritse ntchito, mtundu wa mpukutu wojambulirapo, ngakhalenso momwe otsuka mpukutuwo autsukire. Dayirekitala amayang'anira nkhani ndi kachitidwe ka sewero. Pakati pa awiriwa pali malo opanda malire odziwika: kamera iime pati, iyende kapena ingokhala, gawo lijambulidwe lonse kamodzi kapena lidulidwe tizidutswa. Apa ndi pamene amagwirizana kapena kukokana.

M'zaka za m'ma 1930 wojambula wa ku Hollywood anali wantchito wa kampani. Nthawi zambiri ankapatsidwa filimu kutatsala masiku ochepa kuti kujambula kuyambe, ndipo mabwana ankafuna zinthu ziwiri kwa iye: nkhope za akatswiri, makamaka aakazi, zioneke zosalala, komanso ntchito ithe pa nthawi yake. Ojambula anali ndi bungwe lawo, American Society of Cinematographers, lomwe linakhazikitsidwa mu 1919, koma pokonza mapulani a filimu mawu awo sankamveka kwenikweni.

Kuchokera pa umesenjala

Toland anabadwa pa 29 May 1904 ku Charleston, m'chigawo cha Illinois. Ali ndi zaka 15 analowa ntchito ya umesenjala pa kampani ya Fox, ndipo posakhalitsa anakhala wothandizira wojambula. Mphunzitsi wake weniweni anali George Barnes, yemwe anagwira naye ntchito kwa Samuel Goldwyn chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920. Anajambulanso nawo kafilimu kakafupi ka mu 1928 ka Robert Florey ndi Slavko Vorkapich, The Life and Death of 9413: a Hollywood Extra, kopangidwa ndi ndalama zosakwana madola 100, kodzaza mithunzi ndi tinyumba todula pa makatoni. Filimu yaitali yoyamba imene dzina lake linaoneka lokha monga wojambula inali Palmy Days ya mu 1931.

Kukhala kwa Goldwyn kunam'thandiza kuposa momwe anthu ambiri amaganizira. Goldwyn sanali ngati MGM kapena Warner Bros., makampani amene ankatulutsa mafilimu ambirimbiri chaka chilichonse. Iye ankapanga ochepa koma odula, ndipo pakati pa filimu ina ndi inzake pankakhala mpata. Toland ankaugwiritsa ntchito mpatawo poyesa malenzi ndi magetsi. Anali ndi gulu lake losasinthasintha, zida zimene anazikonza mogwirizana ndi zofuna zake, ndiponso mwayi wokhala nawo pa zokambirana nyumba za mu filimu zisanamangidwe. Kampani ina ikam'bwereka, ankapita ndi anthu ake komanso zida zake. Luso anali nalo, koma ojambula aluso analipo ambiri ku Hollywood. Ufulu woterewu ndi umene unali wosowa.

Mu 1935 anajambula Les Misérables, imene inam'lowetsa pa mndandanda wa opikisana pa mphoto ya Oscar, komanso Mad Love, filimu yoopseza ya Karl Freund. Kenako anayamba kugwira ntchito ndi William Wyler: These Three mu 1936, Dead End mu 1937, ndi Wuthering Heights mu 1939, imene inam'patsa Oscar yake yokhayo ya kujambula. Mu 1940 munatuluka mafilimu awiri a Ford amene iye anajambula. The Grapes of Wrath, yofotokoza za banja la alimi a ku Oklahoma lothamangitsidwa pa malo awo, ili ndi maonekedwe ouma, ofanana ndi zithunzi zimene ojambula monga Dorothea Lange ankajambula za umphawi wa nthawi imeneyo. Pali gawo limene Tom Joad wafika pa nyumba ya makolo ake usiku n'kupeza pali pululu, ndipo nkhope za anthu atatu zikuoneka ngati zikuwalitsidwa ndi kandulo imodzi yokha. Mu The Long Voyage Home, zipinda zopanikizika za m'sitima yapamadzi, masiling'i otsika ndi mithunzi yakuda bii zikusonyeza kuti zambiri zimene anthu anadzadabwa nazo chaka chotsatira anali ataziyesa kale.

Momwe deep focus imachitikira

Lenzi iliyonse imaonetsa bwino kwambiri zinthu zimene zili pa mtunda umodzi kuchokera pa kamera. Kutsogolo ndi kumbuyo kwa mtunda umenewo kuli kadera kamene zinthu zimaonekabe bwino mokhutiritsa diso. Kupitirira apo, chimbuuzi chimayamba. Kukula kwa kaderaka kumadalira zinthu zitatu. China ndi bowo lolowera kuwala m'kati mwa lenzi: likachepa, dera looneka bwino limakula. China ndi mtundu wa lenzi: yaifupi, yoona malo otakata, imapereka dera lalikulu kuposa yaitali yokokera zinthu pafupi. Chinanso ndi mtunda: chinthu chikayandikira kwambiri kamera, deralo limapanikizika.

Vuto lili pa bowolo. Munthu amene saona bwino patali akatsinzina pang'ono amatha kuwerenga zilembo, koma kumam'dera. Kamera nayonso n'chimodzimodzi. Kukula kwa bowo kumalembedwa ndi manambala monga f/2.8, f/4, f/5.6, f/8, f/11 ndi f/16, ndipo nambala ikakwera sitepe imodzi, kuwala kolowa kumatsika ndi theka. Ojambula ambiri a m'ma 1930 ankajambula za m'nyumba bowo lili lotseguka, chapafupi ndi f/2.8. Toland mu Citizen Kane ankafika pa f/8, f/11, mwinanso f/16. Kuchoka pa f/2.8 kufika pa f/8 kumafuna kuwala kowirikiza ka 8, ndipo kufika pa f/16 kumafuna kowirikiza ka 32. Choncho deep focus siyambira pa maganizo okha. Imayambira pa kuchuluka kwa magetsi, kutentha kumene ochita sewero angapirire, ndi ndalama.

Momwe lusoli linasowera n'kubweranso

Mafilimu oyambirira ankajambulidwa panja, dzuwa likuswa mtengo, bowo lili laling'ono. Mu kafilimu ka abale a Lumière koonetsa sitima ikufika pa siteshoni ya La Ciotat ku France, sitima imaoneka bwino kuchokera kutali mpaka kufika pafupi ndi kamera. Mu Greed ya Erich von Stroheim, ya mu 1924, muli gawo la ukwati umene ukuchitikira m'nyumba pamene pawindo pakuoneka anthu akudutsa ndi maliro mumsewu. Kuya kwa chithunzi sikunali kwachilendo.

Kunasowa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1920, ndipo chifukwa chachikulu chinali mawu. Mafilimu atayamba kulankhula, kuyambira 1927, magetsi amphamvu a arc anayamba kusokoneza chifukwa ankalira, ndipo maikolofoni inkatola kulirako. M'malo mwake munabwera magetsi a mababu, achete koma ofooka. Kamera nayo inkachita phokoso, choncho ankaitsekera m'bokosi lokhala ndi galasi kutsogolo, galasi lomwe linkadyanso kuwala. Ojambula anatsegula mabowo a malenzi. Chimene chinayamba ngati chokakamizika chinasanduka fashoni: nkhope yofewa ya katswiri, kumbuyo kwake kuli mbuu, mwinanso kansalu kopyapyala kataikidwa kutsogolo kwa lenzi kuti makwinya asaoneke.

Zida zobwezeretsa kuya zinabwera pang'onopang'ono, chilichonse pa zifukwa zake. Kamera ya Mitchell BNC, yomwe inatuluka mu 1934, inali yachete payokha, yosafuna bokosi, ndipo kampani ya Goldwyn inali m'gulu la oyamba kukhala nayo. Mafilimu achikuda a Technicolor ankafuna kuwala kochuluka, choncho opanga magetsi anakonza ma arc atsopano osalira. Mu 1938 kampani ya Eastman Kodak inatulutsa mpukutu wa Super XX, wotha kujambula ndi kuwala kocheperapo. Cha m'ma 1940 kunabwera njira yopaka malenzi mankhwala opyapyala kwambiri oletsa kuwala kunjanja pa galasi, kuti kochuluka kudutse. Palibe chilichonse mwa zimenezi chimene Toland anapanga yekha. Iye anaziphatikiza zonse pamodzi, n'kuzikankha mpaka pamapeto pa mphamvu zake.

Citizen Kane

Welles anafika ku kampani ya RKO ali wotchuka kale pa zisudzo za ku New York ndi pa wailesi, makamaka chifukwa cha sewero la The War of the Worlds la mu October 1938. Za kamera ankadziwa zochepa. Malinga ndi momwe Welles mwiniwake ankasimbira, Toland ndiye anabwera kudzadzipereka, chifukwa ankafuna kugwira ntchito ndi munthu amene sanapangepo filimu, wosadziwa zimene aliyense ankati n'zosatheka. Welles ankasimbanso kuti masiku oyamba ankalamula yekha za magetsi monga ankachitira pa zisudzo, osadziwa kuti imeneyo ndi ntchito ya wojambula, ndipo Toland ankangokonza mwakachetechete pambuyo pake. Kujambula kunayamba kumapeto kwa June 1940, mabwana atauzidwa kuti akungoyesa zida.

Chisankho chimodzi chinkabala chinzake. Lenzi imene ojambula ambiri ankadalira inali ya mamilimita 50. Toland anagwiritsa ntchito kwambiri zazifupi, monga ya mamilimita 24. Lenzi yotereyi imaona malo otakata, ndipo kamera ikaikidwa pansi n'kuyang'ana m'mwamba, pamwamba pa chipinda pamaoneka. Koma zipinda za m'masitudiyo zinalibe siling'i, chifukwa m'mwambamo ndi momwe munkalendewera magetsi ndi maikolofoni. Ndiye Toland ndi Perry Ferguson, wokonza nyumba za mu filimuyo, anaika masiling'i ansalu, maikolofoni n'kubisidwa pamwamba pa nsaluyo. Siling'i itatseka m'mwamba, magetsi ambiri anayenera kuikidwa pansi ndi m'mbali, ndipo kuwala kochokera kumeneko kumabala mithunzi italiitali. Pa gawo lina, pamene Kane, mwini nkhani wa filimuyi, wagonja pa chisankho, anachita kuboola pansi pa situdiyo kuti kamera itsike kwambiri. Maonekedwe amene anthu amati ndi a Citizen Kane ndi unyolo wa zotsatira zoterezi.

Phindu lake likuoneka pa gawo la ubwana wa Kane ku Colorado. Pafupi ndi kamera, mayi ake akhala patebulo akusainira mapepala opereka mwanayo m'manja mwa Thatcher, mkulu wa banki. Chapakati pali bambo ake, akung'ung'udza popanda wowamvera. Kutali, pawindo, mwanayo akusewera mu chipale chofewa, osadziwa kuti moyo wake ukugamulidwa. Dayirekitala wina akanadula gawoli tizidutswa: nkhope ya mayi, nkhope ya bambo, kenako mwana. Apa onse ali m'chithunzi chimodzi, ndipo mtunda wa aliyense kuchokera pa mapepalawo ukunena mphamvu zimene ali nazo pa nkhaniyo. Pa gawo lina, Kane atagwa pa chuma, akuchoka patebulo n'kuyenda kulowera kumawindo a kumbuyo. Mawindowo amaoneka ngati wamba, mpaka iye atafika pamenepo, pamene woonera amazindikira kuti m'munsi mwake muli pamwamba kuposa mutu wa Kane. Munthu wamkuluyo wachepa popanda mawu alionse onena zimenezo.

Filimuyi inapikisana pa mphoto 9 za Oscar n'kupata imodzi, ya kalembedwe ka nkhani. Ya kujambula inapita kwa Arthur Miller wa How Green Was My Valley. William Randolph Hearst, mwini nyuzipepala zambiri yemwe anaona kuti Kane ndi iye, analimbana nayo filimuyi, ndipo RKO inaluza ndalama. Kutchuka kwake kunadza pambuyo: pa kafukufuku wa magazini ya Sight and Sound, wochitika zaka 10 zilizonse, inakhala pa nambala 1 kuyambira 1962 mpaka 2002.

Anayambitsa ndani?

Pa funso ili palibenso mkangano waukulu pakati pa olemba mbiri. Toland sanatulukire deep focus, ndipo sanali woyamba kuika siling'i. James Wong Howe anagwiritsa ntchito malenzi otakata ndi masiling'i mu Transatlantic mu 1931. Jean Renoir ku France ankakonza zochitika m'mizere yakuya, makamaka mu La Règle du jeu ya mu 1939. Stagecoach ya Ford, yojambulidwa ndi Bert Glennon chaka chomwecho, ili ndi zipinda za masiling'i otsika, ndipo Welles ankanena kuti anaionera kambirimbiri pokonzekera filimu yake. Wolemba mbiri wa ku France, Georges Sadoul, anafika poinena Citizen Kane kuti ndi nkhokwe chabe ya maluso akale.

Sadoul anapitirira muyezo. Amene anachita zimenezi Toland asanatero ankaika kuya apa ndi apo, ndipo kawirikawiri chinthu chapafupi sichinkayandikira kamera kwambiri. Toland ankaika nkhope kapena chinthu pafupi kwenikweni ndi lenzi, china kutali, zonse n'kuoneka bwino, ndipo anachita zimenezi mu filimu yonse ngati njira yofotokozera nkhani. Analinso wodziwa kudzilankhulira. Mu 1941 analemba nkhani m'magazini a American Cinematographer ndi Popular Photography zofotokoza zimene anachita, pa nthawi imene ojambula anzake ambiri sankadziwika kunja kwa situdiyo. Mbali ina ya mbiri yoti ndiye anayambitsa inachokera pamenepo.

Ufulu wa woonera ndi zithunzi zolumikiza

Mkangano wokoma kwambiri ndi wokhudza tanthauzo. André Bazin, wounika mafilimu wa ku France yemwe anakhazikitsa nawo magazini ya Cahiers du cinéma mu 1951, ankaona kuti deep focus inasintha ubale wa woonera ndi chithunzi. Mu filimu yodulidwa tizidutswa, dayirekitala ndiye amakusankhira choti uone ndi nthawi yoti uchione. Zonse zikaoneka bwino m'chithunzi chimodzi chokhalitsa, diso lako limasankha lokha, monga limachitira m'moyo. Kwa Bazin, kajambulidwe kameneka kanali kapafupi ndi zenizeni, kolemekeza woonera, ndipo kankasiya mpata woti chochitika chikhale ndi matanthauzo angapo.

Otsutsa ali ndi mayankho awiri. Loyamba n'lakuti ufuluwo ndi wochepa kuposa momwe Bazin ankaganizira. Mu zithunzi za Toland diso limatsogoleredwabe: ndi kuwala, ndi kukula kwa chinthu chapafupi, ndi amene akulankhula, ndi mizere ya makoma. Pa gawo la ubwana lija, windo laikidwa pakati pa anthu akuluakulu ndipo ndi loyera mbee, mawu a mwana akumvekanso. Ndi woonera uti amene angaliphonye?

Yankho lachiwiri linadza ndi kafukufuku wa m'mafaelo a RKO, makamaka wa Robert Carringer, yemwe buku lake lonena za kapangidwe ka filimuyi linatuluka mu 1985. Bazin anatama gawo limene Susan, mkazi wachiwiri wa Kane, wayesa kudzipha. Pafupi ndi kamera pali tambula, supuni ndi botolo la mankhwala, chapakati Susan wagona mumdima, ndipo kutali chitseko chikugogodwa mpaka Kane akuchithyola. Chithunzichi sichinajambulidwe kamodzi. Anayamba ajambula botolo ndi tambula kumbuyo kuli mdima, kenako anabweza mpukutu m'kamera, n'kuzimitsa magetsi apafupi, kuyatsa akutali, n'kujambulanso pa mpukutu womwewo. Zithunzi zina zinalumikizidwa pambuyo ndi makina a optical printer, amene Linwood Dunn ankayendetsa mu dipatimenti ya Vernon Walker. Gawo limene Kane akutayipa pafupi ndi kamera, mnzake Leland akubwera chapakati, ndi limodzi mwa zolumikizazo. Dunn mwiniwake ankanena kuti mbali yaikulu ya filimuyi inadutsa m'makina ake, ngakhale akatswiri amasiyana pa kuchuluka kwake.

Kodi zimenezi zikugwetsa ganizo la Bazin? Zikugwetsa mbali yonena kuti kamera inangolemba zimene zinalipo. Sizikugwetsa mbali yonena za zimene woonera amakumana nazo, popeza amene akuonera gawo la Susan amalandira botolo, mkazi ndi chitseko nthawi imodzi, n'kulumikiza yekha chifukwa ndi chotsatira, kaya chithunzicho chinapangidwa bwanji. Chimene chikuonekeratu n'chakuti Toland ndi Welles ankafuna maonekedwewa kwambiri moti lenzi ikalephera, ankapeza njira ina.

Welles kapena Toland?

Kuyambira m'ma 1950, ounika mafilimu a ku France, kenako Andrew Sarris ku America, anafalitsa ganizo loti mwini filimu ndi dayirekitala. Pauline Kael anawaukira mu 1971 ndi nkhani yaitali yotchedwa Raising Kane, m'magazini ya The New Yorker. Cholinga chake chachikulu chinali kukweza Herman Mankiewicz, amene analemba nawo nkhani ya filimuyo, koma anakhudzanso Toland. Ananena kuti maonekedwe a Citizen Kane anachokera ku mafilimu a ku Germany kudzera mwa Toland, yemwe anagwira ntchito ndi Freund, wojambula wa Metropolis, pa Mad Love. Anatchula mutu wadazi wa Peter Lorre ndi mbalame yoyera, zomwe zimafanana ndi zina za mu Citizen Kane. Peter Bogdanovich anamuyankha mu 1972 poikira kumbuyo Welles, ndipo mfundo zambiri za Kael zokhudza amene analemba nkhaniyo zinadzagwa Carringer atasanthula mapepala.

Umboni wabwino ndi mafilimu amene aliyense anapanga popanda mnzake. Welles anajambulitsa The Magnificent Ambersons ya mu 1942 kwa Stanley Cortez, ndi Touch of Evil ya mu 1958 kwa Russell Metty, ndipo monsemo muli kuya, mithunzi ndi kamera yoyang'ana kuchokera pansi. Toland nayenso anapitiriza deep focus popanda Welles, koma m'manja mwa Wyler inasintha khalidwe. Mu The Best Years of Our Lives ya mu 1946, yonena za asilikali atatu obwerera kwawo nkhondo itatha, mulibe mithunzi yoopseza. Pa gawo la mu bala, Homer, yemwe alibe manja onse awiri, akuimba piyano ndi amalume ake pafupi ndi kamera, Al waima pambali pawo, ndipo kutali pakona, m'kachipinda ka foni, Fred akuimbira mwana wamkazi wa Al kuti chibwenzi chithe. Chochitika chachikulu n'chimene chaikidwa kutali ndi kochepa. Harold Russell, amene anachita Homer, anadukadi manja ali msilikali.

Mu The Little Foxes ya mu 1941, Wyler ndi Toland anachita zosiyana ndi zimenezi pa gawo lofunika kwambiri. Mwamuna wodwala mtima akukwawira pa masitepe kufuna mankhwala, ali mu chimbuuzi, pamene nkhope ya Bette Davis, mkazi amene wakana kum'thandiza, ikuoneka bwinobwino pafupi. Munthu amene akanakhala kapolo wa luso limodzi sakanalola zimenezo. Zonsezi zikusonyeza kuti njira ndi zida zinkayenda ndi Toland, koma ntchito imene zinkagwira inkadalira dayirekitala amene ali naye.

Nkhondo ndi zaka zomaliza

Pa nthawi ya nkhondo yachiwiri ya padziko lonse, Toland anali m'gulu lojambula la asilikali apamadzi lotsogoleredwa ndi Ford, ndipo anapatsidwa mwayi umene ankaulakalaka, wotsogolera filimu. December 7th inali yonena za kuphulitsidwa kwa Pearl Harbor. Popeza zithunzi zenizeni za tsikulo zinali zochepa, zambiri anazikonza ndi tisitima ndi tindege toyerekezera, ndipo zinaoneka zoona moti pambuyo pake mafilimu ena a mbiri anazigwiritsa ntchito ngati zenizeni. Filimu yoyambirira, yoposa ola limodzi, inkadzudzula kusakonzeka kwa asilikali komanso inkakayikitsa anthu a mtundu wa ku Japan okhala ku Hawaii, mbali imene siim'patsa ulemu Toland. Akuluakulu anaikana. Itadulidwa n'kutsala pafupifupi theka la ola, inapata Oscar mu 1944.

Atabwerera kwa Goldwyn anajambula The Best Years of Our Lives, The Bishop's Wife ndi ena ochepa. Anamwalira pa 28 September 1948 magazi ataundana mumtsempha wa mtima. Filimu yake yomaliza, Enchantment, inatuluka iye atapita kale.

Chikoka chake

Anzake a ku Hollywood sanam'landire onse. Ena ankati kajambulidwe kake n'kodzionetsera, kamaumitsa nkhope za akatswiri aakazi, ndiponso kamaphwanya lamulo loti woonera asazindikire kuti pali kamera. David Bordwell wasonyeza kuti chimene chinafalikira m'ma 1940 chinali deep focus yochepetsedwa: kuya kwapakatikati, kolowetsedwa m'kadulidwe kozolowereka, osati zithunzi zokhalitsa za Citizen Kane. Mafilimu aumbanda a nthawi imeneyo, odzaza mdima ndi masiling'i otsika, monga amene John Alton anajambula, anatengapo zambiri, ngakhale anamwanso kuchokera ku Germany mwachindunji.

M'ma 1950 kuya kunavutanso. Mipukutu yachikuda inkafuna kuwala kochuluka, ndipo malenzi a CinemaScope, omwe anabwera mu 1953, anali ndi dera laling'ono looneka bwino. Ofuna maonekedwe a Toland anatembenukira ku split diopter, theka la galasi loikidwa kutsogolo kwa lenzi kuti mbali ina ya chithunzi ione pafupi, ina patali. Gordon Willis anaigwiritsa ntchito mu All the President's Men ya mu 1976, Robert Redford ali pa foni pamene anzake kutali akuonera wailesi yakanema. Brian De Palma anaikonda kwambiri, monga mu Blow Out ya mu 1981. Mu 2020 David Fincher anatulutsa Mank, yonena za Mankiewicz, ndipo wojambula wake Erik Messerschmidt anatsanzira kajambulidwe ka Toland ndi makamera amakono n'kupata Oscar imene Citizen Kane sinapate.

Lero zinthu zatembenuka. Kamera ya m'foni ili ndi lenzi yaifupi kwambiri, choncho imaonetsa zonse bwino popanda khama, ndipo chodula tsopano ndi chimbuuzi. Kamera ya Canon EOS 5D Mark II itatuluka mu 2008, opanga mafilimu a ndalama zochepa anathamangira kumbuyo kwa mbuu monga chizindikiro cha ntchito yapamwamba, ndipo mafoni ambiri amachita kupanga chimbuuzicho ndi pulogalamu. Wojambula ukwati, nyimbo kapena kafilimu ndi foni, ku Lilongwe kapena kwina kulikonse, ali kale ndi chimene Toland ankachifuna ndi magetsi owirikiza ka 32. Mavuto amene amatsala ndi amene Toland ankathetsa asanayatse kamera. Zonse zikamaoneka, chilichonse cha kumbuyo chimalowa mu nkhani, kaya ndi chidebe choiwalika kapena munthu wongodutsa, choncho kumbuyo kuyenera kukonzedwa mofanana ndi kutsogolo. Ochita sewero ayenera kuyeserera nthawi yaitali, chifukwa mmodzi akalakwitsa palibe kodulira. Ndipo popeza chimbuuzi palibe choti chiuze diso koyang'ana, ntchito imeneyo imagwera kuwala, malo amene munthu aliyense waima, ndi nthawi imene asunthe.